Mpopi Wouma wa ku Khuyu

Lolemba, 6 Meyi

Mpopi wauma. Ndinautsegula m'mawa kuti nditunge madzi osambitsa mkazi wanga Rose, unangotulutsa mpweya, kenako zii. Ndinaumenya ndi chikhatho ngati wailesi yakale. Palibe.

Sindinade nkhawa kwenikweni. Umatero magetsi akavuta, madzulo n'kubwerera. Diramu inali ndi madzi theka. Ndamusambitsa R., ndachapa zofunda zimene ananyowetsa, ndaphika phala. Pofika masana pansi pa diramu pamayamba kuoneka.

Mpopi umenewu anatiikira ndi mwana wathu Stacy, wa ku Joni uja, mayi ake asanadwale. Nthawi imeneyo ndinkati n'kuwononga chabe, nyanja tikuiona tili pakhonde. Koma chichokereni Januwale, pamene sitiroko inamugwetsa mkazi wanga n'kumupha dzanja ndi mwendo wakumanja, mpopiwu ndiye wakhala m'bale wanga. Ndi iwo ndakwanitsa kumusamala ndekha, osagogoda pakhomo pa munthu. Ndipo n'zimene R. amafuna. Pakamwa panapotoka, mawu amatuluka amodziamodzi movutikira, ndiye safuna kuti wina amuone. Munthu amene ankayambitsa nyimbo kukwaya, mawu ake kumveka mpaka kunja kwa tchalitchi! Masiku ano akamva "odi" panja amatembenukira kukhoma. Ine ndimatuluka n'kunena kuti wagona. Anthu anabwera, anabwera, mapeto ake anatopa. Sindiwaimba mlandu.

Phala wamaliza lonse lero. Zikomo Ambuye.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinathamangira ku Chipyela kukagula sopo ndi kukamva za madzi. R. ndinamusiya ali m'tulo.

Nkhani yake si yabwino. Akuti nyanja yalowa m'kanyumba ka pampu, mafunde a mwera anaswa chitseko, mota yapsa. Chitsulo chake pachilumba pano palibe, chiyenera kuchokera kumtunda pa sitima. Liti? Uyu akuti Loweruka, uyo akuti mwezi wathunthu. Lero pamsika aliyense anali injiniya.

Nyanja itadzadza chonchi ndinaiona kamodzi kokha, ndili mwana. Pamene ndinkakhomera maboti, pansi pa mango paja, tsopano pakusambira tiana ta nsomba. Mathandala oyanikapo usipa amira. Choipa kwambiri n'chakuti zimbudzi za m'mphepete zamira nazo.

Pamsika panali wa zaumoyo wina wochokera ku Karonga, dzina lake Tuntufye, akulengeza ndi chimkuzamawu. "Musatunge m'mphepete! Wiritsani madzi akumwa!" Mayi wina wogulitsa tomato anamufunsa kuti, "Tiwiritse ndi chiyani mwanawe, makala ake ati?" Funso loona. Nkhuni ndi makala athu zimachokera kutsidya, ku Kobwe, ndipo ndi mwera uwu ngalawa sizikuwoloka. Mtsikanayo sanakwiye. Anati akudziwa, mankhwala othira m'madzi akubwera.

Pobwerera ndinapumira pa mlambe wa pachitunda. Uku madzi, uku madzi, kutsogolo madzi mpaka kumapiri a ku Mozambiki. Ine kukhosi gwa. Ndinaseka ndekha.

Lachitatu, 8 Meyi

Moyo wanga wonse ndakhoma maboti. Matabwa ndanyamula, makoka ndakoka, koma madzi sindinatungepo. Lero ndiye ndadziwa chimene R. ankachita zaka zonse zija mpopi usanabwere, n'kumaimbanso nyimbo pokwera chitunda.

Ndinapita kudooko ndi zigubu ziwiri. Ndinalowa mpaka m'chiuno kuti ndipeze oyerako. Kutsika kunalibe vuto. Kukwera! Bondo langa lamanzere linayamba kudandaula ndisanafike n'komwe pa nyumba yoyamba. Amayi ndi ndowa pamutu ankandipitirira ngati ndaima. Wina anati, "A Zacharia, chigubu sachikumbatira ngati khanda, ikani pamutu!" Onse gwagwagwa kuseka. Sikunali kuseka koipa.

A Dora anatsalira m'mbuyo. Iwo ndi R. anakulira limodzi ku Yofu, ndipo onse anakwatiwa kuno ku Khuyu chaka chimodzi. Anati, "Alamu, ndisiyireni chimodzi, ndikakutulirani pakhomo." Ndinakana. Anati, "M'nyumba sindilowa, ndingotula pakhonde." Ndinakanabe, podziwa kuti R. akamva mawu awo panja, tsiku lonse sadya. Anandiyang'anitsitsa. "Mukamuuze kuti Dora akadali moyo," anatero, n'kupitirira.

Ndamuuza. Anangotsinzina.

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku la Kukwera Kumwamba. Belu ndinalimva ndili ndi chigubu paphewa. Makala atsala ongodzadza chipewa, ndiye ndikuwiritsa akumwa okha. Mbale ndi makapu ndikutsuka ndi a kudooko omwewo. Msana wanga!

Lachisanu, 10 Meyi

Stacy watumiza mawu pafoni. Ndinakwera pamwala wa kuseri kuti netiweki igwire, kenako ndinakamuikira R. pakhutu. Ine ndinali nditamuuza Stacy za mpopi ndikuganiza kuti atimvera chisoni, koma iye kuseka. Akuti, "Adadi, kunonso n'chimodzimodzi! Mipopi youma sabata yonse. Tikumadikira galimoto ya thanki pamsewu ndi ndowa, ine, ma Zimbabwe, azungu omwe, mzere umodzi. Dzulo amayi awiri anakokerana tsitsi polimbirana malo." Ku Joni! Kumene nyumba zake zimagunda mitambo. Akutinso mnzake wa ku Zambia akungolira, kwawo chimanga chinapsa m'munda, zitsime zauma, ng'ombe zikungogwa. Anamaliza ndi kuti, "Inu bola muli ndi nyanja."

Bola tili ndi nyanja. Mawu amenewa ndayenda nawo tsiku lonse. Zoona, ife sitidikira galimoto. Koma nyanja yake ndi yomweyi yameza zimbudzi.

R. anafuna kumvanso, ndinamuikira mobwerezabwereza. Pamene Stacy akuti "Amami, muzidya," mbali yamoyo ya pakamwa pake inakwera pang'ono. Kumwetulira kwake ndi komweko masiku ano, ndipo ine kumandikwanira.

Loweruka, 11 Meyi

R. wadwala kwambiri. Tili kuchipatala. Sindingathe kulemba.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndili pabenchi panja pa wodi ya amayi. Tsopano ndilembe.

Zinayamba dzulo m'mawa. Atatsegula m'mimba koyamba ndinati mwina ndi nyemba. Kachiwiri, kachitatu, kenako kusanza. Ndikamachapa ichi, icho chaipa kale. Zofunda zinatha, zitenje zinatha, ndinafika poyala malaya anga. Dzuwa lili pamutu diramu inali itauma. Ndithamangire kunyanja, ndimusiya ndi ndani? Ndikhale, ndimupukuta ndi chiyani? Maso ake analowa m'kati. Ndinamutsina khungu la padzanja monga amatiuzira a zaumoyo, linangoima osabwerera. Dzina la kolera sindinalitchule, koma m'mutu mwanga munalibe china.

Ndinatuluka pakhonde n'kukuwa. Chibadwire sindinakuwepo chonchi. "A Dora! A Dora-ee! Thandizeni!"

Anafika opanda nsapato, manja ali ndi ufa. Sanafunse kanthu. Anasuzumira kuchipinda, n'kutuluka, n'kuyamba kukuwa mayina a amayi anzawo. Posakhalitsa ndowa zinayamba kufika, madzi amene anthu anatungira mabanja awo, ena owiritsa kale ndi makala awo omaliza. A Dora anandikankhira panja. "Tulukani alamu, izi n'zathu. Pitani mukadzutse Mclean, abwere ndi anzake." R. analibe mphamvu zoti n'kutembenukira kukhoma.

Mclean ndi msodzi, boti lake ndinakhoma ndine chaka chimene anakwatira. Ndinamupeza akugona poti anachezera panyanja. Anadzuka osanyinyirika, n'kudzutsa anzake a m'boti. Machira panalibe. Ndinamasula chitseko cha kuchipinda, tinayalapo bulangeti la a Dora, n'kumugoneka R. pamenepo. Njira ya ku Chipyela ndi miyala yokhayokha, koma amuna aja ankaponda ngati anyamula mazira. A Dora ali pambali, akumumwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, "Meza Rozi, meza mnzanga, usandichititse manyazi pamsewu pano." Ine ndinali m'mbuyo ndi bondo langa, ndikupemphera zosamveka mutu wake.

Kuchipatala anamuika dripi, anatenga zokayeza. Lero m'mawa adokotala anena kuti si kolera. Ndi matenda a madzi oipa ndithu, ndipo kwa munthu wofooka kale ngati iye, tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Koma si kolera. Ndinakhala pansi pomwepo pasimenti.

Tuntufye anandipeza pabenchi pano. Anafunsa kumene timatunga, ndi madzi amene timatsukira makapu. Ndinamuuza zoona, mutu uli pansi, ndikudikira kukalipiridwa. Anangoti, "Adada, mwayesetsa. Munthu mmodzi zonsezi simungathe. Mukatuluka ndibwera kwanu."

Lolemba, 13 Meyi

R. wamwa tiyi, wadya nthochi theka. Wanena kuti "Zaka," kenako "nyumba." Akufuna kwathu. Ndamva kuti sitima ya Loweruka inabwera yopanda chitsulo cha pampu chija. Lero sizinandikhudze n'komwe.

Lachiwiri, 14 Meyi

Atitulutsa. Mclean ndi anzake anabweranso ndi chitseko changa chija.

Titafika pakhomo ndinangoima. Zofunda zonse zili pachingwe, zoyera, zikuuluka ndi mwera. M'nyumba mokolopa, fungo la sopo lokhalokha. Diramu yodzadza mpaka pakamwa, atavundikira ndi thabwa langa la mlombwa lomwe ndakhala ndikubisira ntchito yapadera. Likhale pomwepo.

Madziwo si a padooko. Mclean wayamba kutenga zigubu za anthu m'boti popita kokapha nsomba, ndipo pobwera m'mawa amatunga pakatikati pa nyanja, kutali ndi zimbudzi, kutali ndi ochapa. Maboti ena atengera. Amayi akumangokalandira padooko n'kukwera nazo. Akuti anayambitsa ndi a Dora, Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Anaima pakhomo n'kuwauza asodzi kuti, "Usipa kulibe, maboti anu akubwera opanda kanthu. Manyazi amenewo chotsani, muzibwera ndi madzi." Lolemba zigubu zinakwera boti.

Masana Tuntufye anabweradi ndi botolo la klorini. Anandionetsa mlingo wothira mu ndowa, n'kunena kuti tizidikira kaye pang'ono tisanamwe, ndipo otsukira makapu tizithiranso. Ndinati awa ndi a pakatikati, oyera. Anati, "Oyera m'maso, adada. Thirani ndithu." Madzi ake amanunkha chipatala. R. anakwinya mphuno koma anamwa.

Ndinamufunsa mtsikanayo kuti kwawo zikomo amati chiyani. Akuti "ndaga." Ndinati, "Ndaga, mwana wanga," iye kuseka katchulidwe kanga. Ndinamupatsa mazira, anakana. Ndinamuikira m'chikwama akusamba m'manja.

Chitseko ndabwezera.

Lachitatu, 15 Meyi

Za lero ndilembe bwinobwino, ndisadzaiwale.

M'mawa a Dora anafika ndi ndowa, limodzi ndi a Edith ndi a Sophie, anzawo a kukwaya. Anakhuthulira mu diramu. R. atamva mawu, kukhoma, monga mwa nthawi zonse. Ine ndinatuluka ndi mawu anga aja, "Wagona." A Dora anandidutsa ngati ndine chitsa. Ndinawatsatira.

Anakhala pabedi. "Rozi, tembenuka."

R. anayang'anabe kukhoma.

"Iwe Rozi. Loweruka ndakupukuta ndine, ndaona zonse zimene anakupatsa Mulungu. Matako ndaona, lero undibisire nkhope?"

Ndinati basi, zathera pomwepa, sadyanso mpaka Khirisimasi. Mapewa a R. anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Kenako kunatuluka phokoso lomwe sindinalimve chichokereni Januwale, lopotoka, ngati munthu watsamwa. Ankaseka. Anadzitembenuza yekha ndi dzanja lamoyo lija, malovu akutsikira pachibwano, n'kunena kuti, "Chi-tsi-ru." A Dora anamupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, akuti, "Eya, chitsiru chako chabwera." Apo onse awiri anayamba kulira. A Edith ndi a Sophie analowa okha osaitanidwa. Ine ndinatuluka kukaona nkhuku, zomwe zinalibe vuto lililonse.

Anakhala mpaka masana. Ndili panja ndinkamva a Dora akumufotokozera zonse zimene zamupita: amene wakwatiwa, amene wathawidwa, amene akuyambitsa nyimbo m'malo mwake n'kumaiyambira pamwamba moti pofika pakati kwaya yonse yapsa mawu. Atachoka, R. anagona tulo tabwino pakamwa pali yasa.

Lachinayi, 16 Meyi

A Dora andithamangitsa panyumba panga. "Alamu, mwakhala muno mpaka mwayamba kununkha mankhwala. Pitani mukapitidwe mphepo, mkazi wanu sitimudya."

Mwera unagona lero, ndiye Mclean anati abwererenso ulendo wachiwiri wa madzi. Ndinakwera nawo. Injini sanalize, mafuta akusowa, tinapalasa. Nkhafi inandikumbukira msanga kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndili panyanja ndiye ndinaona bwino chimene chachitika. Mitengo ili m'madzi mpaka m'khosi. Madenga a zimbudzi akungoonekera nsonga. Ana akusambira pomwepo, ngakhale aletsedwa. Tinapalasa mpaka nyumba zinachepa ngati mabokosi a machesi. Kumeneko madzi ndi obiriwira mochita kuda, ukayang'ana pansi mutu umazungulira. Tinayamba kumiza zigubu.

Mclean anati, "Madala, bambo anga ankamwa paliponse pamene aima, kungowerama basi. Ine ana anga ndikuwakwapula akamwa padooko. Nyanja yomweyi." Ndinati anthu tachuluka, sopo wachuluka, mafuta a mainjini, zonse tikutayira momwemu. Ndikulankhula choncho, jumbo yakuda inadutsa pambali pa boti, kutali konseko, ikuyandama mwaulemu ngati ili paulendo wake. Mclean anaivuula ndi nkhafi n'kuiponya m'boti.

Ludzu linandigwira. Dzanja linapita lokha m'madzi, koma ndinakumbukira nkhope ya Tuntufye, ndinangosukusula.

Thabwa lina la kumbuyo kwa boti likulowetsa madzi. Ndinamuuza kuti Lolemba alikokere kumtunda ndilikonze. Anati, "Madala, ine sindinachite kuti mundibwezere." Ndinati, "Ndani wakuuza kuti ndikubwezera? Boti lotayikira likundinyozetsa ine amene ndinalikhoma." Wavomera.

Pokwera chitunda ndinaona anthu pakhonde pathu. Nditayandikira, pakati pawo panali R. Panja! Pampando wanga wa ndalema, atamufunditsa chitenje chake chobiriwira, tsitsi atamuluka. Dzuwa linkamuthobwa m'maso, koma sanafune kulowa. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anaima n'kupereka moni, R. anakweza dzanja. Ndinatula chigubu panjira pomwepo n'kukhalapo kaye.

Lachisanu, 17 Meyi

Zayamba kukhala ngati mwambo. Maboti akafika, amayi amakwera ndi madzi, amayambira kwathu, amakhuthula, n'kukhala pamphasa kuti apume. Kupuma kwake mpaka dzuwa litakwera. A Sophie amabwera ndi mtedza wosenda, a Edith ndi nkhani.

Wailesi inali pawindo. Ankanena za mzinda wina waukulu ku India kumene zitsime zaphwa, anthu olemera ndi osauka akuthamangira magalimoto a madzi. Anatchulanso maiko ena kumene madzi alipo koma aipitsidwa ndi migodi ndi mafakitale. A Edith anati, "Tiwatumizire Mclean." Tinaseka, koma kenako a Sophie anati, "Komatu amenewo ali ndi odwala awonso m'nyumba." Ndinaganiza za bambo wina kutali kumeneko, amene sindidzamuona, ali ndi mkazi pabedi ndi diramu youma. Ambuye amupatse a Dora ake.

Amayi atayamba kuyeserera nyimbo ya Lamulungu, R. ankamenya mpando ndi dzanja. Akathamangitsa, iye amamenya mwamphamvu mpaka abwerere. Pena anati, "A-yi!" momveka bwino, a Edith n'kuti, "Abwerera aphunzitsi, tapsa." Mawu akumuchulukira. Lero wanena "sopo," "mawa," ndi dzina la Stacy.

Tuntufye anadutsa kudzaona ngati tikuthira mankhwala. Ananunkhiza kapu, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Akuti ku Yofu ana ena anatsegula m'mimba koma achira. Mpaka lero sitinaike munthu chifukwa cha madziwa. Zikomo Ambuye, zikomo.

Loweruka, 18 Meyi

Chitsulo chafika! Mclean anali kudooko la sitima, akuti bokosi lake anthu analinyamula ndi nyimbo ngati mkwatibwi. Amisiri akuti pampu aikweza pamtunda kuti nyanja isaipezenso.

Ndinalowa mokondwa kukamuuza R. Anangoyang'ana kumbali. Chakudya chamadzulo wangolawa. Ndamugwira pamphumi, sakutentha. M'mimba muli bwino. Sindikumvetsa.

Lamulungu, 19 Meyi

Pentekoste. Ndapita kutchalitchi koyamba chichokereni Januwale, a Sophie anatsala ndi R. Jekete yandikulira. Anthu ankandigwira dzanja osalitaya. Popereka mtendere ndinawafunafuna anzake a Mclean aja mmodzimmodzi. Ndinawafinya manja.

Nyimbo anaiyambiradi pamwamba.

Lolemba, 20 Meyi

Ndakonza boti. Thabwa latsopano, thonje m'mipata, phula pamwamba. Manja anga akadali anga. Fungo la phula ndinalisowa kwabasi.

R. akadali wozizira. Amayi akakhala pano amachangamuka, akangochoka amangoti ndwii, kuyang'ana kunjira. Madzulo anandifunsa, "Mawa... Dora?" Ndinati abwera, nanga madzi atibweretsera ndani.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndinali kumeta ndevu pakhonde pamene mpopi unatsokomola. Unalavula madzi ofiira, kenako otuwa, kenako oyera, amphamvu, akuthovokera pansi. Ndinaponya lezala, n'kuthamangira m'nyumba sopo ali kumaso. "Amake Stacy! Abwera! Madzi abwera!" Kumunsi kwa mudzi nthungululu zinali zitayamba kale.

R. sanamwetulire. Anandikoka malaya ndi dzanja lamanzere mpaka khutu langa linafika pakamwa pake.

"Tse-ka-ni."

Ndinati nditseke chiyani, chitseko?

"Mpo-pi." Anapuma, n'kusonkhanitsa mphamvu. "Mu-sa-wa-u-ze."

Ndinamuyang'ana, iye n'kundiyang'ana. Apo ndiye ndinazindikira chimene chakhala chikumudya chiyambire Loweruka.

Ndinatuluka, ndinatseka mpopi. Pamatope ndinathirapo mchenga. Mpopiwo ndinauveka thumba la ufa n'kumanga ndi luzi. Munthu wa imvi ngati ine, kubisa mpopi mudzi wonse ukululutira! Kenako ndinamunyamula R. n'kumukhazika pakhonde, chitenje chobiriwira pamapewa.

Tinadikira. Kunjira kunkadutsa ana okhaokha, akuthamanga ndi mabotolo, akuthirana madzi. Dzuwa linakwera. Nthawi imene amayi amafikira inakwana, n'kupitirira. Kwa a Edith tinkamva ndowa zikulira pampopi, kuchapa kwayamba. R. maso ali kunjira, dzanja likufinya chitenje. Ine ndinayamba kufunafuna mawu omutonthozera, koma onse amene ndinkawapeza anali opanda mchere.

Kenako ndowa inaonekera pamwamba pa mpanda. A Dora, okha, akubwera pang'onopang'ono. Anatula pakhonde. Chitenje chawo chinali chouma, mapazi opanda mchenga. Wochokera kudooko safika choncho.

Anayang'ana thumba lija, likudontha. Anayang'ana mchenga wonyowa. Anayang'ana ndevu zanga zometa mbali imodzi.

"Anthu akuti madzi abwera," anatero. "Kuno afika?"

Ndisanatsegule pakamwa, R. anati, "A-yi."

"Kwathunso ayi," anatero a Dora. Anakoka mphasa ndi phazi, n'kutulutsa chipeso m'chiuno. "Weramira kuno Rozi, tsitsi ili laphwasuka."